Mafunso ndi mayankho pa sewero la The Glass Menagerie: mikangano ya kwa a Wingfield, maloto awo, ndi kuthawa kwa Tom

Awa ndi mafunso amene anthu amakonda kufunsa akawerenga kapena kuonera seweroli koyamba. Ngati simunalione dziwani kuti mathero ake ndawaulula onse, chifukwa palibe njira yokambira za Tom osatchula zomwe anachita.

Seweroli analemba ndani, nanga linatuluka liti?

Analemba ndi Tennessee Williams wa ku America, dzina lake lenileni Thomas Lanier Williams, anabadwa mu 1911 ku Columbus m'chigawo cha Mississippi ndipo anamwalira mu 1983 ku New York. Seweroli linayamba kuonetsedwa ku Chicago pa 26 December 1944, masiku oyambawo anthu samabwera kwenikweni moti likanatha kutsekedwa, koma atolankhani olemba za masewero ngati Claudia Cassidy ndi Ashton Stevens analichemerera m'nyuzi mpaka holo inayamba kudzadza. Pa 31 March 1945 linafika ku Broadway ku New York, Laurette Taylor ndi amene anasewera ngati mayi Amanda, ndipo chaka chomwecho linapata mphoto ya New York Drama Critics' Circle. Williams anali asanatchuke, seweroli ndi lomwe linamutulutsa, A Streetcar Named Desire inabwera pambuyo mu 1947.

Tandiuzeni nkhani yake mwachidule

Anthu ake ndi anayi basi ndipo lili ndi magawo 7. Kuli ku St. Louis m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene chuma cha America chinagwa anthu ambirimbiri nkusowa ntchito. Mayi Amanda Wingfield akukhala mu kafulati kopanikizika ndi ana awo awiri akuluakulu, Laura wa zaka 23 ndi mlongo wake Tom amene ndi wamng'ono kwa iye ndi zaka ziwiri. Bambo anathawa kalekale. Tom ndi amene akudyetsa nyumba ndi malipiro a madola 65 pamwezi omwe amalandira ku kampani ya nsapato ya Continental Shoemakers, ntchito yomwe amadana nayo ndi mtima wake wonse poti iye amafuna kulemba ndakatulo ndi kuyenda m'maiko. Laura ndi wamanyazi oopsa, mwendo umodzi ndi waufupiko, amangokhala m'nyumba kupukuta tinyama take tagalasi ndi kuliza marekodi akale omwe bambo ake anasiya. Mayi aja akuumiriza Tom kuti abweretse mnzake wakuntchito adzadye nawo mgonero, mwina nkumufunsira Laura. Tom abweretsadi Jim O'Connor, zinthu ziyamba kuoneka ngati zikuyenda, kenako zidziwika kuti Jim ali kale ndi chibwenzi ndipo ukwati uli pafupi. Mayi ndi mwana alalatirana komaliza, Tom atuluka, ndipo pasanapite nthawi achoka mu mzindamo osabwereranso.

Bambo awo anapita kuti?

Palibe akudziwa. Ankagwira ntchito ku kampani ya matelefoni, tsiku lina anangonyamuka, ndipo pomwe sewero likuyamba papita zaka 16. Chomwe anatumiza ndi kapositikhadi kamodzi kochokera ku Mazatlán ku Mexico, mawu ake awiri okha, moni ndi kutsanzika, adiresi osalemba. Pa siteji sabwerapo koma chithunzi chawo chachikulu chili pakhoma atavala kachipewa ka usilikali, ali mwee kumwetulira, ndipo Tom mwini wake amawawerengera ngati munthu wachisanu m'seweroli. Mkangano ulionse m'nyumba muja umachitika pansi pa chithunzi chimenecho. Mayi akamuyang'ana Tom akutuluka usiku amaona amuna awo, Tom akayang'ana pakhoma amaona munthu amene anatha kuchita chomwe iyeyo akulakalaka.

Kodi Tom ndi mayi ake amakanganirana chani kwenikweni? Zimaoneka ngati ndi zazing'onozing'ono

Eya zimayambira pa zazing'ono, ndipo ndi pamenepo pomwe Williams anaidziwa bwino nyumba ya anthu. Gawo loyamba lenileni ali patebulo, mayi akumuuza mwamuna wamkulu ndevu pepeya kuti asakankhe chakudya ndi zala, atafune bwinobwino, mpaka Tom angodzuka chakudya chisanathe kupita kukasuta. Amamunena kasutidwe, kuti paketi imodzi patsiku ya masenti 15 atamasunga ndalamayo akanalipirira sukulu yausiku ya akaunti. Amamunena kapesedwe ka tsitsi, kakhalidwe pampando, khofi kumwa wopanda mkaka. Anatenga buku la D. H. Lawrence lomwe Tom ankawerenga nkukalibweza ku laibulale ati m'nyumba mwawo simulowa zonyansa.

Koma pansi pa zonsezi pali funso limodzi, ndalama ya lendi ndi chakudya ikuchokera kwa ndani, ndipo amene akuibweretsayo ali ndi ufulu wanji pa moyo wake. Mu gawo lachitatu Tom amaphulika, amawafunsa mayi ake kuti nanga lendi amalipira ndani, amadzisandutsa kapolo ndani kuti nyumbayi iyende, m'mawa ulionse amadzuka kupita kumalo komwe akukuda chifukwa cha madola 65 aja, ndiye abwere kunyumba auzidwenso kuti ndi wodzikonda. Mayi nawo akuti ukamabwera usiku pakati kugona maola atatu ukagwira bwanji ntchito, ukachotsedwa tidya chani tonsefe. Onse awiri akunena zoona, nchifukwa chake mkanganowo sutha. Pamapeto pake Tom awatchula mayi ake kuti mfiti yokalamba yolongolola, nde pofuna kutuluka jekete imukola mkono, aivula mwaukali nkuiponya, ikamenya shelefu ya Laura tinyama tina nkusweka. Laura sanakangane ndi aliyense pa mkangano onsewo koma zomwe zasweka ndi zake, ndipo Tom atsala akutola tizidutswa pansi kusowa chonena. Ine ndimaona kuti kachigawo kameneko kakunena sewero lonse, awiri akamenyana amene amavulala ndi wachitatu.

M'mawa mwake Laura ndi yemwe amamuchonderera mlongo wake kuti apepese, ndipo apepesadi, mayi nkulira. Musaiwale mbali imeneyo. Anthuwa amakondana, akanakhala kuti sakondana bwenzi kusiyana kuli kophweka.

Ndiye mayi Amanda ndi oipa eti? Ine anandinyansa

Ambiri amayamba choncho, makamaka achinyamata, ndipo ndikumvetsa chifukwa mayiwa salola munthu kupuma. Nkhani yawo ndi imodzimodzi, ya Lamulungu lina masana kwawo ku Blue Mountain ali mtsikana, pomwe anyamata 17 anabwera kudzawaona tsiku limodzi mpaka mipando kuperewera, ana a eni minda ikuluikulu ya thonje ku Mississippi, uyu anadzalemera uyu anasiyira mkazi wake malo, koma iwo anasankha wa matelefoni uja. Ana awo anaimva nkhaniyi kambirimbiri. Tsiku lobwera Jim atulutsa diresi lawo lautsikana m'bokosi, loti linasanduka lachikasu ndi ukale, alivala atanyamula maluwa m'manja nkumacheza ndi mlendo ngati wabwerera iwowo, Tom manyazi kumugwira.

Koma taonani zomwe mayi omwewa akuchita masana. Akuimba foni nyumba ndi nyumba kugulitsa magazini ya azimayi, kunyengerera anthu omwe ena amangowadulira foni ali mkati moyankhula. Anagwirapo ganyu mu sitolo yaikulu ya Famous-Barr kuonetsa makasitomala zovala zamkati za azimayi, munthu amene anakulira m'nyumba ya antchito. Anasonkhanitsa madola 50 kulipira fizi ya Laura ku Rubicam's Business College kuti aphunzire kutaipa. Amamutuma Laura kukatenga batala pangongole. M'nyumba monsemo ndi iwo okha amene akufunsa funso loti kodi mwanayu adzadya chani ine ndikadzafa, ndipo yankho lake akulidziwa chifukwa anawaona ndi maso azimayi a kwawo amene anakalamba pa umbeta opanda ntchito, kumasungidwa ndi mlamu monyinyirika, kupatsidwa kachipinda kakang'ono, uku achibale akukankhirana kuti pitani mukachezekonso kwa uje. Amenewo si maloto, ndi mantha a munthu amene anasiyidwa ndi ana awiri m'manja.

Pomwe amalakwitsa ndi pakuti mwana amene akumumenyera nkhondoyo sakumuona. Amakana kuti aliyense atchule kuti Laura ndi wolumala, ati ndi kavuto kakang'ono kosaoneka nkomwe, angokhala wansangala basi. Tsiku la Jim amamuika tinsalu pachifuwa kuti aoneke wodzadza, Laura akukana. Amamukakamiza kukatsegula chitseko pomwe mwana akunjenjemera. Akufuna kumupulumutsa Laura pogwiritsa ntchito njira zomwe zinkayenda kwa Amanda wa zaka 18 ku Blue Mountain, pomwe Laura ndi munthu wina. Kumeneko ndi kulakwa ndithu, koma kuwatcha oipa ayi ine ndikukana. Williams mwini pofotokoza za munthuyu analemba kuti pali zambiri zomusirira ndi zomumvera chisoni, ndipo pamathero penipeni tikuwaona akumutonthoza Laura mawu osamveka, kubwebweta konse kwatha, ali ndi ulemu wawo.

Vuto la Laura ndi mwendowo?

Mwendo unangoyambitsa. Anadwala ali mwana, mwendo umodzi unatsalira ndipo ankavala chitsulo chothandizira kuyenda. Ku sekondale kalasi ya kwaya ankafika mochedwa, mpando wake unali kumbuyo, nde amayenera kudutsa pamaso pa onse chitsulo chija chikugunda pansi, kwa iye phokosolo linkamveka ngati bingu. Patapita zaka 6 akumuuza za zimenezi Jim, yemwe anali naye m'kalasi imeneyo, Jim akuti iye sanamvepo kanthu olo tsiku limodzi. Phokoso lija linali lalikulu m'mutu mwa Laura, koma linamusiyitsa sukulu.

Ku koleji yotaipa kuja sanakhalitse. Tsiku la mayeso a liwiro manja ananjenjemera, anasanza pansi anthu akuona, sanabwererenso. Koma kunyumba sananene, m'mawa ulionse ankavala nkutuluka ngati akupita kusukulu, kumangoyendayenda mu paki nyengo yozizira koopsa ija, kukaona mbalame ndi ma penguin ku zuu, kulowa mu myuziyamu kukaothera, nthawi zina osadya nkhomaliro kuti ndalamayo aonere kanema, ndipo malo omwe ankawakonda kwambiri ndi Jewel Box, nyumba yagalasi yodzalamo maluwa yomwe ilipodi mpaka pano mu Forest Park ku St. Louis. Anachita izi kwa masabata angapo. Atagwidwa chifukwa chomwe anapereka ndi chakuti sakanatha kupirira nkhope imene mayi ake amaonetsa akakhumudwa. Mtsikana analolera kuzizidwa panja tsiku lonse kusiyana ndi kuona nkhope ya mayi ake, apa mpomwe mungaone kukula kwa mantha ake komanso chikondi chake.

Tinyama tagalasi tija tikuimira chani? Nanga kahatchi ka nyanga imodzi?

Yankho lomwe aliyense amapereka ndi loti tikuimira Laura, tokongola tikaombedwa ndi kuwala koma tosachedwa kusweka, ndipo nzoona palibe chobisika apa. Chomwe ndingaonjeze ndi chakuti ndi malo okhawo omwe Laura ndi mwini zinthu. Amadziwa kanyama kalikonse, amati tikugwirizana pashelefu sitikangana, zomwe anthu a m'nyumbamo sangakwanitse.

Ka unicorn, kahatchi ka nyanga imodzi pamphumi, ndi komwe amakakonda kuposa tonse, wakhala nako zaka 13, ndipo amamupatsa Jim kuti akagwire, chinthu chomwe sanachitepo kwa wina. Akuvina awiriwa agunda tebulo, kagwa, nyanga ithyoka. Laura sakulira, akuti palibe kanthu mwina tsopano kakhala komasuka pakati pa mahatchi anzake poti kafanana nawo. Pa nthawi imeneyo akukhulupirira kuti nayenso atha kukhala ngati atsikana ena onse. Jim atatchula za Betty, chibwenzi chake chija, Laura atenga kahatchi kothyoka kaja nkumuika m'manja kuti akasunge ngati chikumbutso. Ena amati apa wasonyeza mphamvu, ena amati wataya mtima ndipo wapereka chomwe chinatsala. Ine ndili mbali yachiwiriyo chifukwa akangopereka amabwerera pa galamafoni yake kukaipukusa, komwe amathawira nthawi zonse.

Jim anamunyenga Laura dala?

Ayi. Sankadziwa nkomwe kuti Tom ali ndi mlongo, anabwera kudzadya basi, ndipo za chibwenzi chake kuntchito anali asanauze anthu. Ndi munthu yekhayo m'sewero lonse amene amakhala pansi ndi Laura nkumuyankhula ngati munthu wamkulu, amugawira chingamu, amusainira pulogalamu ya sewero lakusukulu lomwe Jim anaimbamo, lomwe Laura anaonera katatu koma osalimba mtima kukapempha siginecha, akumbukira dzina lomwe ankamuitana la Blue Roses lomwe linabwera chifukwa sanamvetse dzina la matenda a m'chifuwa omwe Laura anadwala. Kulakwa kwake ndi kumupsompsona akudziwa kuti ukwati wake ndi Betty uli mu June, ndipo iye mwini azindikira pompo kuti wapyola malire nkuulula zonse. Ndi munthu wabwino mtima amene sakudziwa kulemera kwa zomwe akugwira.

Tom amamutchula ngati mthenga wochokera ku dziko lenileni, koma Jim naye ali ndi maloto ake. Ku sekondale anali katswiri, basiketibolo, mtsutso, kuimba, aliyense ankati afika patali, koma patha zaka 6 ali kalaliki pa kampani yomweyo ya nsapato, malipiro ongoposako pang'ono a Tom. Amakonda kukhala ndi Tom komanso Laura mwa zina chifukwa iwowa akukumbukira ulemerero wake wakale. Akuphunzira usiku za wailesi ndi kuyankhula pagulu, akuti tsogolo lili mu wailesi yakanema ndipo iye akufuna akhale m'gulu loyamba. Kusiyana kwake ndi kwakuti maloto a Jim ndi omwe dziko la America limaombera m'manja, a Amanda ndi a Laura limawaseka.

Tom amapitadi ku kanema usiku ulionse kapena amanama?

Amapitadi, koma amamwanso. Mayi ake sakhulupirira kuti munthu angaonere kanema mpaka 2 koloko usiku tsiku ndi tsiku. Mu gawo lachinayi abwera 5 koloko m'mawa akudzandira, posaka kiyi m'matumba mukutuluka matikiti a kanema ambirimbiri ndi botolo lopanda kanthu, ndiye zonse ziwiri ndi zoona. Iye amati amapitako chifukwa kuntchito kulibe chochititsa mtima kugunda, ndipo pambuyo pake amuuza Jim kuti watopa nazo, anthu amakhala mumdima kuonera ena akuyenda m'malo moti ayende okha.

Usiku womwewo amufotokozera Laura za wamatsenga wina Malvolio amene anamuona pa siteji, anamukhomera mu bokosi lamaliro ndipo anatulukamo osazula msomali olo umodzi. Tom akuti matsenga amenewo ndi omwe iye akuwafuna. Apa ndi pamtima pa nkhani yothawayi. Kutuluka Tom atha kutuluka tsiku lililonse, chitseko palibe wakhoma, ngakhale polowera m'fulatimo ndi pa masitepe achitsulo othawirapo moto pomwe iye amaima kusuta. Chomwe akufuna ndi kutuluka popanda kuphwanya kanthu, osavulaza Laura, ndipo akudziwa kuti zimenezo sizitheka. Amene anatuluka ngati wamatsenga uja ndi bambo ake okha, koma tikudziwa misomali yomwe anasiya.

Nde Tom analakwa kuthawa kapena ayi?

Ili ndi funso lomwe anthu amakangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana, makamaka amene akusunga makolo ndi abale pa malipiro amodzi, kaya ali ku Lilongwe kaya ku Joni, iwowa Tom amamumva msanga. Mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene sanabereke mwana aliyense wasenzetsedwa banja lomwe bambo ake analithawa, ndipo palibe tsiku lomwe adzauzidwe kuti wamaliza. Mayi ake anapeza kalata yake ya za ntchito ya pa sitima zapamadzi nkumuuza kuti upite komwe ukufuna koma Laura akapeza kaye womusamala. Malonjezo amenewo kwa mtsikana ngati Laura atha kutanthauza moyo wonse. Ine sindingamuuze Tom kuti akanakhala.

Koma mmene anachokera ndi nkhani ina. Ndalama ya bilu ya magetsi anaitenga nkukalipira umembala ku bungwe la ogwira ntchito pa sitima zamalonda, osauza munthu kupatula Jim, ndipo magetsi azima ali patebulo ndi mlendo, mdima bii, mayi nkuyatsa makandulo akumaseka kuti mlendo asaone manyazi awo. Tom anali atakonza kale ulendo pomwe amabweretsa Jim, sanavutike olo kufufuza ngati mnzakeyo ali ndi munthu, pomwe mayi anawononga ndalama kugula nyale yatsopano, kapeti ndi diresi la Laura. Mayi akamukalipira kuti sudziwa kanthu za mnzako wapamtima chifukwa umakhala m'maloto, akulasa penipeni ngakhale kuti iwonso ndi omwewo. Tom aphwanya tambula pansi nkutuluka. Kenako achotsedwa ntchito chifukwa cholemba ndakatulo pa chivindikiro cha katoni ya nsapato, nkuchoka ku St. Louis. Wawasiya azimayi awiri opanda malipiro, opanda magetsi, mu nthawi ya njala ya ntchito, ndipo sewero silitiuza kuti anatumizako kanthu. Make mbuu mwana mbuu, iye mwini amavomera kuti watsata mapazi a bambo ake.

Ndiye yankho langa ndi loti anali ndi ufulu wofuna moyo wake, koma mtengo wake analipira ndi Laura amene sanafunsidwe, ndipo Tom akudziwa. Amayenda mizinda yambiri koma akangodutsa pa windo la sitolo nkuona timabotolo ta perefyumu tikuwala, mlongo wake amakhala ngati wamugwira paphewa, amathamangira mu bala kapena mu kanema kuti aiwale koma sizitheka.

Popeza akufotokoza ndi Tom, tingakhulupirire zonse?

Iye mwini amachenjeza poyambirira kuti izi ndi zokumbukira, kuwala kwake nkochepa, nyimbo zikulira, sizili ndendende mmene zinachitikira. Amatuluka m'nkhani kuyankhula ndi oonera atavala za pa sitima kenako nkulowanso. Pali zigawo zomwe iye kunalibe, monga mayi ndi Laura akukambirana za koleji, ndiponso kucheza konse kwa Laura ndi Jim pa kandulo pomwe iye anali kukhitchini ndi mayi ake, ndiye zimenezo wachita kuziumba m'mutu. Mwina mayi Amanda weniweni sankalongolola choncho, mwina Laura sanali wosalimba choncho. Tikuwaona mmene amawaonera munthu amene chikumbumtima chikumudya, amene akufuna timvetse chifukwa chomwe anachokera komanso akudziimba mlandu nthawi yomweyo. Ukaliwerenga kachiwiri uli ndi zimenezi m'mutu limasintha kwambiri.

Ndi zoona kuti ndi nkhani ya banja la Williams?

Mbali yaikulu eya. Dzina lake linali Tom. Banja lawo linasamukira ku St. Louis mu 1918 kuchokera ku Mississippi, mayi ake Edwina anali mwana wa m'busa wa mpingo wa Episcopal ndipo moyo wa mu mzindawo sanauzolowere. Iye anagwiradi ntchito ku International Shoe Company, komwe bambo ake Cornelius ankagwiranso, mpaka anadwala nazo. Kusiyana kwakukulu ndi kwakuti bambo ake enieni sanathawe, analipo m'nyumba, akumwa ndi aukali, ndipo panalinso mng'ono wake Dakin amene m'seweromu mulibe.

Laura ndi mlongo wake Rose, wobadwa mu 1909. Rose vuto lake silinali mwendo, anadwala matenda a maganizo, anagonekedwa m'chipatala, ndipo mu 1943 anamuchita opaleshoni ya ubongo yotchedwa lobotomy yomwe inamusintha moyo wake wonse, Williams ali kutali. Chaka chotsatira ndi pomwe seweroli linatuluka, atayamba kulilemba ngati kankhani kakafupi komanso ngati filimu yomwe kampani ya MGM inaikana. Litayamba kubweretsa ndalama theka la phindu lake analipereka kwa mayi ake, ndipo Williams anamusamala Rose mpaka pomwe iye anamwalira, nkusiya chuma choti chizimusunga. Rose anamwalira mu 1996, patapita zaka 13 mlongo wake atamwalira.

Pali filimu yake yoti ndionere?

Zilipo zingapo. Ya 1950 muli Jane Wyman ndi Kirk Douglas koma anasintha mathero kuti akhale osangalatsa, Laura nkupeza mnyamata wina, ndipo Williams sanaikonde, ine sindingakulangizeni kuyambira imeneyo. Ya pa TV ya 1973 muli Katharine Hepburn ngati Amanda. Ya 1987 anatsogolera Paul Newman, Joanne Woodward ndi Amanda, John Malkovich ndi Tom, Karen Allen ndi Laura, ndipo imatsatira sewero bwinobwino. Nkhaniyi anaitengeranso ku India mu filimu ya chinenero cha Malayalam yotchedwa Akale mu 2004, komanso ku Iran mu 2011.

Gulu lathu la zisudzo likufuna kulichita, tisamale chani?

Choyamba pemphani chilolezo chifukwa seweroli lili ndi eni ake, umwini wa zolemba za Williams uli m'manja mwa University of the South ku Sewanee. Katundu safuna wambiri, tebulo, sofa, chithunzi cha bambo, kashelefu ka tinyama, makandulo ndi malo oti akhale masitepe panja. Williams analemba kuti pazioneka zithunzi ndi mawu pakhoma nthawi ndi nthawi, koma ngakhale pomwe linkaonetsedwa koyamba zimenezo anazisiya, nde musadandaule ngati mulibe pulojekita.

Chomwe chimaononga kawirikawiri ndi kumusandutsa Amanda choseketsa. Anthu aseka ndithu pa diresi lija ndi pa mafoni aja ndipo aseke, koma wosewerayo asamasewere kuti anthu aseke, azisewera mayi amene usiku sagona poganiza za mwana wake. Laura asamatsimphine mokokomeza, Williams mwini anati chilemacho chingooneka pang'ono. Ndipo gawo la 7 musalithamangitse, ndi lalitali kuposa onse ndipo lifunika Laura amasuke pang'onopang'ono, kuyambira pomwe akulephera kutulutsa mawu mpaka pomwe akuseka ali m'manja mwa Jim akuvina nyimbo yochokera ku Paradise Dance Hall tsidya la kanjira, chifukwa oonera akapanda kukhulupirira kuti mwina zitheka, dzina la Betty likamatchulidwa siliwapweteka.